Dandaulo pa keypad ya chitseko cha galaja yomwe yafa isanathe chaka

Kwa Mkulu woona za makasitomala,

Bwana kapena Mayi,

Ndalemba kalatayi chifukwa pa foni sitikumvana. Ndaimba kanayi, ndipo kanayi konseko ndauzidwa kuti ndisinthe batire. Batirelo ndinasintha tsiku loyamba lomwe.

Amisiri anu anandiikira makina otsegulira chitseko cha galaja miyezi 7 yapitayo, pamodzi ndi keypad ya panja, kachipangizo ka mabatani kolembapo manambala achinsinsi otsegulira chitsekocho. Pano patha milungu 3 isakugwira ntchito. Vuto linayambira pa batani la 5, lomwe linkafuna kulidina mpaka chikhadabo kuyera. Kenako mabatani anayamba kuwala mwa apo ndi apo, mapeto ake zii.

Musanditumizenso ku kabuku ka malangizo, ndakawerenga mpaka kumapeto. Ndayesa mabatire awiri atsopano a 9V. Rimoti ya m'galimoto ikutsegula bwinobwino, batani la pakhoma la mkati nalonso likugwira, kusonyeza kuti mota ilibe vuto. Batani la Lock silinadinidwe, chifukwa likanadinidwa rimoti nayo ikanakana. Ndinakwera makwerero n'kudina batani la Learn pa mota, lomwe limalumikiza keypad ndi motayo. Likayaka pamakhala masekondi 30 okha oti munthu alembe manambala anayi achinsinsi, choncho ndinaimika mwana wanga pa keypad kuti azilemba ine ndili pamwamba. Tinabwereza katatu, koma getsi la mota silinaphethire n'kamodzi komwe. Ndinachotsanso babu la LED, poti mababu ena otere amasokoneza mauthenga a rimoti, ndipo kawaya ka eriyo ndinakawongola kuti kalendewere bwino. Palibe chinasintha.

Chomwe chilipo ndi ichi. Nditatsegula kachivundikiro ka batire ndinapeza timadontho ta madzi, ndipo tizitsulo togwira batire tachita dzimbiri lobiriwira. Labala wotchinga madzi anapanidwa mbali imodzi pomanga, moti pali mpata wolowa nsonga ya kiyi. Kuwonjezera apo, mmisiri wanu anakhoma keypad pansi penipeni pa pomwe madzi a padenga amagwera. Tsiku loika ndinamufunsa za malowo, iye n'kuyankha kuti chipangizochi sichiopa mvula. Ndinamukhulupirira, poti mwini ntchito ndi iye. Zithunzi ndaphatikiza ku kalatayi pamodzi ndi lisiti. Mkati mwenimweni sindinatsegulemo, kuopa kuti mungadzanene kuti ndawononga ndine.

Keypad imeneyi sindinaigulire kukongoletsa khoma. Ana anga sayenda ndi rimoti, ndipo akaweruka kusukulu amalowera m'galaja. Masiku ano amakhala panja kudikira kuti ine ndiweruke, kapena ndithawe kuntchito kukawatsegulira.

Chandipweteka kwambiri n'chakuti amene ndinalankhula naye komaliza anati ndilipire kaye ulendo wa mmisiri asanabwere kudzaona. Ndilipire bwanji kukonza cholakwa chomwe mwachita nokha? Pepala lanu lomwe likunena kuti katundu ndi ntchito yoika muzikonza ulere kwa miyezi 12.

Ndikupempha kuti pasanathe masiku 7 mutumize mmisiri ndi keypad yatsopano, aikhome pamalo posagwa madzi, ndipo aiyese ine ndikuona asanachoke. Yankho lanu likhale lolemba, lotchula tsiku ndi nthawi yomwe adzafike, kuti ndipemphe chilolezo kuntchito. Mukapanda kutero, ndidzapita ndi nkhaniyi ku bungwe loteteza ogula.

Ine kasitomala wanu wodandaula.