Anapiye akutha ndi chisanu, si chitopa ayi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi anzanga oweta nkhuku kuno ku Angónia m'dziko la Mozambique, makamaka amene angoyamba kumene kugula anapiye a tsiku limodzi. June wafika, ndipo aliyense wa kumtunda kuno, kuyambira ku Ulongué mpaka ku Tsangano, akudziwa mmene kumazizirira m'bandakucha. Anapiye akamafa, eni ake amathamangira kunena kuti ndi chitopa. Kawirikawiri chimakhala chisanu.

Chaka chatha ndinagula anapiye 100 ndi ndalama za mbatatesi zanga. Wogulitsa anangondipatsira katoni, osandiuza kanthu. Ndinawaika m'chipinda ndi mbaula imodzi, ine n'kukagona. Moto unazima pakati pa usiku. Kutacha ndinawapeza ataunjikana pakona, apansi atafa ndi kupanikizidwa. Ndinatola 27, ndipo mpaka lero zimandiwawa, chifukwa sanafe ndi matenda.

Mwanapiye wongoswedwa kumene alibe nthenga zenizeni, n'chifukwa chake thadzi limafungatira ana ake m'mapiko. Tikagula a m'katoni, thadzilo ndife. Sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35 pansi pomwe aimapo, kenako muzichepetsa ndi madigiri pafupifupi 3 sabata iliyonse mpaka nthenga zitamera. Ambirife tilibe choyezera kutentha, koma anapiye amanena okha. Akaunjikana pafupi ndi moto n'kumalira mosalekeza, azizidwa. Akathawira kutali, atayasamula kukamwa ndi kutambasula timapiko, moto wachuluka. Akapanikizana mbali imodzi, ndiye kuti pali polowera mphepo. Mukawaona atamwazikana, ena akudya, ena akumwa, ena ali m'tulo, mtima ukhale pansi.

Panopa ndimawatchingira ndi makatoni mozungulira ngati nkhokwe, kuti pasakhale kona younjikanapo. Pansi ndimayala zopalapala za matabwa zouma zochokera kwa akalipentala, pakuti simenti ya m'mawa imayamwa kutentha konse. Makala ndimaika mumphika wadothi woboola m'mbali, wokhazika pa njerwa. Mphikawo umasunga kutentha nthawi yaitali, komanso anapiye sapsa. Moto ndimausonkha anapiye asanafike, kuti apeze m'nyumba mwafunda kale.

Pa makala pomwepa ndichenjeze kwambiri. Ayambe ayaka panja mpaka afiire, utsi uthe, ndiye muwalowetse. Ndaona anzanga akutseka mazenera onse ndi masaka poopa mphepo. Mpweya wa makala suoneka, sununkha, koma umapha ngakhale munthu wamkulu, nanji kamwanapiye! Siyani mpata kumwamba kwa khoma, pomwe mphepo singawombe anapiye mwachindunji.

Pempho langa likupita kwa ogulitsa anapiye ndi alangizi a zaulimi. Musanapereke katoni, mufunseni munthuyo ngati wakonza pofunditsira ndiponso ngati makala ali nawo okwanira masabata atatu kapena anayi. Nawo mawailesi athu a m'madera atiphunzitse zimenezi m'Chichewa mwezi wa May, chisanu chisanalimbe.

Ine anapiye anga atsopano afika Lachiwiri lapitali. Mphasa ndayala pakhomo la chipinda chawo, ndipo ndikumadzuka 12 koloko usiku ndi 3 koloko m'bandakucha kuonjezera makala. Pofika lero sindinatayepo ngakhale mmodzi.

Woweta nkhuku,
Ulongué, Angónia