Katuni ya venda wa sikelo yatilankhulira

Akonzi,

Ndithokozereni wojambula wanu chifukwa cha katuni ija ya venda wa chimimba, wakolowekera thumba la nandolo pa sikelo, phazi lake likunyamulira thumbalo pansi kuti muvi usakwere, pambali pake mayi wowonda ngati bango akudikira ndalama. Ndinaidula n'kukaonetsa amayi anga kumudzi. Iwo sadziwa kuwerenga, koma atangoiona anati, "Ameneyutu ndimamudziwa." Anaseka pang'ono, kenako anangoti zii.

Ine ndikudziwa chomwe chinawakhalitsa chete. Chaka chatha tinayeza kunyumba thumba lawo n'kupeza makilo 50, koma pa sikelo ya venda ku Luchenza linasanduka makilo 43. Atadandaula anauzidwa kuti ngati sakufuna abwerere nalo. Akanabwerera nalo bwanji atalipira kale kabaza, mdzukulu akudikira fizi? Ngakhale mu 2017, dziko la India litachepetsa nandolo amene limagula kunja mtengo n'kugwa, masikelo oberawo sanatimvere chisoni.

Ndamva ena akuti kujambula munthu chimimba chotere ndi mwano. Ndikukana. Agogo athu ankamuimba pamtondo mwamuna waumbombo wotha ndiwo yekha ana akuyang'ana. Dzina sankatchula, koma mudzi wonse unkadziwa, mwini wakenso ankamva, manyazi n'kumugwira. Paja wakutsina khutu ndi mnansi. Katuni ikugwira ntchito ya mtondo uja, ndipo imafika kwa anthu omwe nkhani ya masamba awiri siingawafike.

Chondidandaulitsa n'chakuti cholembera cha ojambula chimathwa kwambiri pa venda wa njinga. Nanga osakaniza feteleza ndi mchenga m'magodauni? Nanga aja a masuti? Mu 2022 ndalama za boma zokwana K750 miliyoni zogulira feteleza zinapita ku kampani yogulitsa nyama ku Britain, alimi kuno tikugona pamizere kudikira fetelezayo. Dyera la mtundu umenewu lijambulidwenso, mimba yake ikule molingana ndi zomwe yameza.

Ndipemphenso kuti mawu a m'katunizi muzilembako m'Chichewa, kuti asamasowe womasulira pa Bvumbwe kapena pa Chitakale. Yomwe ndinadula ija amayi akana kundibwezera. Aimata pakhoma pafupi ndi matumba a nandolo wa chaka chino, ndipo akuti popita kumsika aitenga.

Mlimi wa nandolo,
Luchenza, Thyolo