Lamulo lokakamiza sukulu lisazimitse chidwi cha ana

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndiikepo mlomo pa nkhani ya maphunziro okakamiza. Boma litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale mu 1994, ana oposa miliyoni imodzi anakhamukira m'makalasi, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linadzakhazikitsa zoti mwana aliyense ayenera kuphunzira pulayimale. Lamuloli ndimaligwirizana nalo, pakuti popanda ilo mtsikana amatsalira pakhomo kulera ang'ono ake, pomwe mnyamata amakathera ku ganyu wa m'minda ya fodya. Amene akunena kuti ana azisiyidwa kuti aziphunzira okha zimene mtima wawo wafuna akuiwala kuti m'midzi yambiri buku lokhalo limene mwana amaligwira ndi la kusukulu.

Komabe pali chimene chimandiwawa. Mdzukulu wanga wa Sitandade 5 amapanga galimoto ya mawaya yokhala ndi chiwongolero chokhotetsa matayala, ndipo amayeza waya ndi chala, kupinda, kumasula ndi kuyambiranso mpaka dzuwa kulowa, popanda womutuma. Mwana yemweyo akakhala pansi m'kalasi ya ana oposa 100, ntchito yake imangokhala kukopera za pabolodi ndi kuloweza, mwakuti lipoti lake limamuonetsa ngati wopanda nzeru. Aphunzitsi sindikuwadzudzula, chifukwa munthu mmodzi sangathe kuyang'ana manja a ana onsewo.

Ndikupempha unduna wa zamaphunziro kuti phunziro la zaluso la Expressive Arts lizipatsidwa nthawi yeniyeni yoti ana azibweretsa zimene apanga kunyumba n'kufotokozera anzawo mmene anazipangira.

Gogo wodera nkhawa,
Dedza