Othawa kwawo ndi anansi athu, tisamangoyang'ana

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa nkhani ya anzathu othawa kwawo, aja timangowatchula kuti Maburundi ngakhale ena ndi aku Rwanda ena aku Congo. Ine ndimakhala ku Chinamwali kuno ku Zomba, geni yanga ndi ya tomato ndi anyezi.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali kagolosale ka banja lina la ku Burundi, anakhala pano zaka zambiri ndipo ana awo atatu anabadwira konkuno. Chichewa chawo chinali chathu chomwechi, kamtsikana kakang'ono kaja mpaka Chiyao kankayankhula, kanatolera kwa anzake posewera phada. Sopo, shuga, mafuta ophikira a m'timachubu tinkatenga pangongole iwo nkumalemba mukope, mwezi ukatha timakabweza. Mayi anga atamwalira mayi a pagolosale aja anabwera pasiwa ndi ndowa ya ufa pamutu, anagona pamphasa limodzi nafe usiku onse ndipo m'mawa anali pamoto kuphika nsima ya adzukulu, panalibe yemwe anawafunsa kuti kodi kwanu ndi kuti.

Mu 2023 boma litalamula kuti othawa kwawo onse okhala m'matauni ndi m'midzi abwerere kukampu ya Dzaleka, banja lija linapita. Ku Lilongwe mu May chaka chomwecho ena anayamba asungidwa kaye kundende ya Maula, ndi ana omwe. Kwathu kuno golosale inatsekedwa, mwana wawo wamkulu anali Fomu 2 anasiya sukulu teremu ili pakati. Chimene chimandiwawa mpaka lero nchoti ife anansi tinangoima pakhonde kumayang'ana, ena nkumanong'ona kuti malo a bizinesi apezeka. Mashini osokera a mayi aja ali kuchipinda kwanga, ndinawafunditsa chitenje, ndikawaona mtima umandipweteka.

Anthu ambiri kuno Dzaleka amangoimva pawailesi. Ili ku Dowa, nthawi ya Kamuzu inali ndende ya andale ndipo inakhala kampu mu 1994. Malo ake anakonzera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000 koma pano muli anthu opitilira 50,000, thandizo la chakudya lochokera ku WFP, bungwe la United Nations loona za chakudya, nalo limangodulidwa chifukwa ndalama zikuchepa. Lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989, ndipo dziko lathu posainira pangano la mayiko la 1951 lokhudza othawa kwawo linakana kuwapatsa ufulu wonse wogwira ntchito ndi kukhala kumene afuna. Ndiye munthu amene ankadzidyetsa yekha, kulipira lendi kwa Mmalawi, kuoda katundu kwa Mmalawi, tamubweza kuti akafole pamzere kudikira thandizo, phindu lake nchiyani?

Anzanga apamsika amati othawa kwawo amatilanda makasitomala, ndipo sindikuwanyoza chifukwa geni ikuvutadi, ineyo tsiku lina ndimaweruka tomato atandiolera m'dengu. Koma anzathu aja atapita zinthu zinatsika mtengo? Ndalama ya kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 iwo ali kale kukampu, shuga anasowa, mafuta anakwera, ndipo pangongole paja tinasowa potenga.

Komanso tisaiwale kuti ife ndi anthu olandira alendo kuyambira kale. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, mtendere usanabwere mu 1992, dziko lino linasunga anthu oposa 1 miliyoni, ambiri sanali mkampu ayi, anali m'midzi ku Nsanje, Mulanje, Ntcheu, Dedza, mafumu anawapatsa pomanga ndi polima. Agogo anga ku Machinga anagawa dimba lawo kwa banja lina lomwe linafika ndi mphika umodzi basi. Ndiye pali ana athu ali ku Joni, mu 2015 boma linachita kutumiza mabasi kukawatenga atawathamangitsa ngati agalu, tonse tinalira kuti bwanji akuzunza abale athu. Chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe, akuluakulu sananame.

Ife a banki mkhonde yathu, amayi 18, tinagwirizana kuti pamsonkhano uliwonse aliyense aziponya kangachepe m'mbale ina yapadera, ndipo timatumiza pafoni kuti mtsikana wa banja la ku Burundi lija agulire makope ndi sopo kukampuko. Sizambiri, koma mayi ake akaimba foni amafunsa aliyense ndi dzina lake, mpaka amafunsa ngati mpope wathu uja unakonzedwa. Ndikanakonda mipingo ndi mizikiti ya kuno ku Zomba, ku Matawale, ku Sadzi, ku Mpondabwino, nayo itachitako chimodzimodzi, ndipo mafumu athu atamayankhula poyera za anthu amene anakhala nawo bwino opanda mlandu, chifukwa iwo ndi amene amadziwa khalidwe la munthu aliyense m'mudzi mwawo. Wolakwa lamulo aweruzidwe payekha ngati mmene amaweruzidwira Mmalawi, osati mtundu onse.

Kwa aphungu athu a kuno ku Zomba, chonde kayankhuleni ku Nyumba ya Malamulo kuti lamulo la 1989 lija lisinthidwe, munthu amene wakhala nafe zaka zonsezi mwamtendere apatsidwe chiphaso chochitira geni ndipo ana ake amalize sukulu pomwe anayambira. Mayi aja ndinawalonjeza kuti mashini awo sindigulitsa, adzawapeza.

Mayi wogulitsa tomato,
Chinamwali, Zomba