Tulo ta ana athu tikuthera pa magemu

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndiyankhulepo pa nkhani ya magemu, masewera aja a pafoni, pakompyuta ndi pa TV amene atenga mitima ya ana athu. Ndine mphunzitsi komanso kholo, choncho nkhaniyi ndimakumana nayo m'kalasi ndi pakhomo pomwe. Makolo ambiri amene ndimacheza nawo agawikana pawiri. Ena amati magemu amaphetsa ubongo, ndipo mwana akalephera mayeso mlandu wonse umagwera foni. Ena amati asiyeni anawo, ndi nyengo yawo, bola ali pakhomo sakuyendayenda. Ine ndikuona kuti onsewa sanafike pamene pagona nkhani. Gemu payokha siichotsa nzeru m'mutu mwa mwana. Imatenga maola amene mwanayo akanagona, akanawerenga kapena akanathamanga panja, ndipo mwa zitatuzi chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi tulo.

Bungwe la madokotala oona za tulo ku America, American Academy of Sleep Medicine, limalangiza kuti mwana wa zaka 6 mpaka 12 azigona maola 9 mpaka 12 pa tsiku, ndipo wa zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10. Tiwerengetsere limodzi. Mnyamata wa zaka 15 amene amadzuka 6 koloko m'mawa ayenera kukhala ali m'tulo pofika 10 koloko usiku kuti apeze maola 8, omwe ndi ochepetsetsa pa mlingowu. Ngati 12 koloko ikumupeza akadali pa gemu, ndiye kuti waluza maola awiri, ndipo sikuti akazimitsa foni tulo tibwera pompo. Mtima umakhala ukugundabe chifukwa cha mpikisano, maganizo akadali pa chigoli chimene waphonya, ndipo kuwala kwa sikirini kumachedwetsa melatonin, mankhwala amene thupi limatulutsa lokha kukada kuti munthu ayambe kumva tulo. Kuwonjezera apo, thupi la mwana amene akutha msinkhu limachedwa kale kumva tulo poyerekeza ndi la mwana wamng'ono. Gemu ya usiku imangokankhira patsogolo chinthu chimene chinali chopendekeka kale.

Anthu ambiri amaona tulo ngati kupumula chabe. Koma munthu akagona, ubongo umakhala pa ntchito yosanja ndi kukhazikitsa zimene waphunzira masana kuti zisafufutike. Mwana amene wamvetsera bwino phunziro la masamu n'kugona mopereweza usiku wake, mawa lake amapezeka kuti zambiri zathawa. M'kalasi ife timawadziwa ana otere ngakhale asanawodzere. Amawerenga chiganizo chimodzi mobwerezabwereza osachimvetsa, amapsa mtima pa zinthu zazing'ono, ukawafunsa funso amakuyang'ana kaye ngati akuchokera kutali. Kawirikawiri timawatchula aulesi kapena amwano, chonsecho vuto lawo linayambira kuchipinda usiku wathawu, makolo ali m'tulo.

Pa nkhani ya kuwerenga pali kafukufuku mmodzi amene ndimamukonda chifukwa cha momwe anachitikira. Mu 2010 ofufuza awiri a ku America, Robert Weis ndi Brittany Cerankosky, anafalitsa zimene anapeza atatenga anyamata a zaka 6 mpaka 9 amene kwawo kunalibe makina a magemu. Gulu lina analipatsa makinawo nthawi yomweyo, lina analiuza kuti lidikire miyezi inayi. Miyeziyo itatha, anyamata amene analandira msanga anapeza mamalikisi otsika pa kuwerenga ndi kulemba poyerekeza ndi anzawo aja, ndipo nthawi imene ankathera pa za sukulu akaweruka inali itachepa. Anawa sanapusitsidwe ndi makinawo. Nthawi yoyeserera kuwerenga ndi imene inadyedwa, pa msinkhu umene kuwerenga kumafunika kuyeserera tsiku ndi tsiku kuti kukhazikike. Ndipo mwana amene watsalira pa kuwerenga amatsalira pa maphunziro ena onse, chifukwa funso la sayansi ngakhale la masamu liyenera kuwerengedwa kaye lisanayankhidwe.

Sindikufuna kuti wina amve ngati ndikunena kuti magemu alibe ubwino. Ali nawo. Mu 2003 Shawn Green ndi Daphne Bavelier a pa yunivesite ya Rochester anaonetsa kuti magemu othamanga, ofuna maso akuthwa, amakulitsa luso loona ndi kutsatira zinthu zingapo nthawi imodzi. Gemu ya Minecraft ili ndi mtundu wake wopangidwira sukulu, ndipo aphunzitsi m'mayiko ambiri amaugwiritsa ntchito. Ana ena amatola mawu a chinenero china m'magemu, ena amaphunzira kugwirizana ndi anzawo pa cholinga chimodzi, ena amaphunzira kulephera n'kuyambiranso osataya mtima, khalidwe limene ine ndimalakalaka nditaliona pa masamu. Kwa mwana wamanyazi kapena wolumala amene sangathe kuthamanga ndi anzake, gemu ikhoza kukhala bwalo lokhalo limene amachezerapo mofanana ndi ena. Kungoti tisadzinamize kuti luso la pagemu limasanduka lokha kukhala luso la m'kalasi. Wodziwa kuwombera adani pa sikirini amakhala katswiri pa zimenezo, koma kugawa manambala ayenerabe kukuphunzira payekha ndi pensulo m'manja.

Mu 2014 Andrew Przybylski wa ku yunivesite ya Oxford anaunika ana pafupifupi 5,000 a ku Britain a zaka 10 mpaka 15. Amene ankasewera nthawi yosakwana ola limodzi pa tsiku ankaoneka okhutira ndi moyo ndiponso ochezeka kuposa amene sankasewera n'komwe, pamene opitirira maola atatu ankaonetsa mavuto ochulukirapo. Iye mwini ananena kuti kusiyanaku kunali kochepa poyerekeza ndi mphamvu ya zinthu zina pa moyo wa mwana. Kwa ine uthenga wake ndi womveka: funso lofunika kwa kholo ndi lakuti mwana akusewera nthawi yaitali bwanji, nthawi yanji, ndipo akusiya chiyani kuti asewere.

Apa ndiye pamene ndimawamvera chisoni ana, chifukwa timawalamula kuti adziletse pa chinthu chimene chinapangidwa mwaluso kuti chisasiyike. Magemu ambiri akale ankatha. Ukafika kumapeto, basi. Ambiri a lero, makamaka a pa intaneti, alibe mapeto. Amapereka mphatso kwa amene walowa tsiku lililonse, ndipo ukadumpha tsiku limodzi mndandanda wako umaduka. Amakhala ndi nyengo za mpikisano zimene zimatha pa tsiku loikika, kuti mwana aziona ngati akapuma anzake amusiya. Ena amalanga wosewera amene wachoka mpikisano uli mkati. Makolo ambiri sadziwa kuti gemu yosewera ndi anthu ena pa intaneti siimitsidwa kaye ngati filimu. Mayi akakuwa kuti zimitsa pompano, mwanayo amakhala akusankha pakati pa kumvera mayi ake ndi kugwiritsa mwala anzake anayi amene akumudalira. Nkhondo zambiri za pakhomo zikanapeweka kholo likanati, ukamaliza mpikisano umenewu usayambenso wina, n'kuonetsetsa kuti zachitikadi.

Palinso nkhani ya ndalama. Magemu ambiri amati ndi aulere, koma mkati mwake amagulitsa zovala za wosewera, zida, ndi mabokosi amwayi amene umalipira usanadziwe chimene chili mkati. Mphotho yobwera mosayembekezereka imakoka munthu kuti ayesenso kuposa mphotho yodziwikiratu, ndipo n'chimodzimodzi ndi mmene juga imagwirira anthu. Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti mabokosi olipira oterewa ndi juga. Mu 2022 kampani ya Epic Games, eni ake a gemu ya Fortnite, inavomera kulipira madola 520 miliyoni ku America pa milandu yokhudza chinsinsi cha ana ndi njira zochititsa anthu kugula zinthu mosafuna. Ngati maboma akulimbana ndi makampaniwa chonchi, n'kulakwa kuyembekezera kuti mwana wa zaka 11 alimbana nawo yekha pakati pa usiku.

Za thupi ndingodutsapo mwachidule poti n'zodziwika. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewera otulutsa thukuta kwa mphindi 60 pa tsiku, ndipo maola okhala pansi amadya nthawi imeneyi. Maso amauma ndi kutopa chifukwa munthu akayang'anitsitsa sikirini saphethira pafupipafupi. Madokotala a maso apezanso kuti ana amene amakhala panja nthawi yokwanira sagwidwa kwambiri ndi vuto losaona patali. Khosi, msana ndi zala zimawawa, ndipo mahedifoni okweza kwambiri amawononga makutu pang'onopang'ono mwini wake osazindikira.

Chimene chimafunika kusamala nacho pochiyankhula ndi chizolowezi chofika pa matenda. Mu 2019 mayiko a m'bungwe la WHO anavomereza kuti vuto losatha kudziletsa pa magemu lilowe m'buku la matenda la ICD-11, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022. Zizindikiro zake ndi zitatu: munthu kulephera kudziikira malire, kuika gemu patsogolo pa zina zonse za moyo, ndi kupitiriza ngakhale akuona kuti zinthu zikuwonongeka. Nthawi zambiri izi ziyenera kuoneka kwa miyezi 12 ndipo zikhale zitasokonezadi sukulu, banja kapena ntchito. WHO yomweyo imanena kuti ndi anthu ochepa mwa osewera amene amafika pamenepa. Choncho tisathamangire kutchula mwana aliyense wokonda gemu kuti ndi wodwala. Koma amene wasiya kusamba, akunama za nthawi imene wasewera, wasiya anzake ndi zonse zimene ankakonda, ameneyo akufunika thandizo la achipatala kapena aphungu, osati chikwapu.

Ndipo pamenepa tizifunsanso kuti chinayamba n'chiyani. Si nthawi zonse pamene gemu ndi imene imagwetsa mwana m'kalasi. Ana ena amayamba kugwa kaye, kapena kuzunzidwa ndi anzawo, kapena kusowa mtendere pakhomo, ndiye amathawira ku gemu chifukwa ndi malo okhawo kumene amapambana ndi kutamandidwa. Mwana wotere ukangomulanda foni wamutsekera pothawira, koma chimene ankathawacho chikadalipo. Kholo kapena mphunzitsi akhale naye pansi, amufunse modekha chimene chikumuvuta, ndipo akhale wokonzeka kumva yankho losakoma.

Mayiko ena anayesa kuthetsa nkhaniyi ndi lamulo. South Korea mu 2011 inaletsa ana osakwana zaka 16 kusewera magemu a pa intaneti kuyambira 12 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa, koma mu 2021 boma linalengeza kuti likuchotsa lamuloli. Ana ankalizemba pogwiritsa ntchito mayina a akuluakulu, komanso ambiri anali atasamukira ku magemu a pafoni amene lamulolo silinkawakhudza. China mu 2021 inalamula kuti ana osakwana zaka 18 azisewera magemu a pa intaneti ola limodzi lokha, 8 mpaka 9 koloko usiku, Lachisanu, Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi. Kaya munthu agwirizane nawo malamulowa kapena ayi, boma silingalowe kuchipinda kwa mwana. Wolowamo ndi kholo.

Pempho langa kwa makolo anzanga si lalikulu. Foni, tabuleti ndi makina a magemu zisagone kuchipinda kwa mwana. Zizitchajidwa pabalaza, ndipo zizizimitsidwa ola lathunthu nthawi yogona isanakwane. Lamulo limodzi lokhali, likasungidwa, limateteza zambiri kuposa kukalipa kwa tsiku ndi tsiku. Koma silingagwire ntchito ngati ife eni ake timagona foni ili kumaso, ana amaona. Homuweki iyambe, gemu ibwere pambuyo, ndipo nthawi yake mugwirizane mwana asanayatse, osati pamene wafika pakati. Yang'anani msinkhu umene walembedwa pa gemuyo, monga manambala a 3, 7, 12, 16 ndi 18 a PEGI, ndondomeko ya ku Ulaya yosonyeza zaka zoyenera kusewera gemu, chifukwa gemu ya 18 inalembedwa choncho pa zifukwa zake. Musasiye khadi lanu la kubanki lolumikizidwa ku akaunti ya mwana. Ndipo tsiku lina mukhale naye pambali, akuonetseni gemu yakeyo, akuuzeni amene amasewera nawo ndi zimene amakambirana. Mudzadziwa zambiri za mwana wanu, ndipo mukadzanena kuti yakwana nthawi, adzakumverani mosavuta poti mukudziwa chimene mukumusiyitsa.

Kwa aphunzitsi anzanga ndi akuluakulu a sukulu, ndikupempha kuti nkhani ya tulo ilowe pa misonkhano ya makolo monga momwe timalowetsera ya yunifolomu ndi kujomba. Tiziwauza makolo maola amene mwana wa msinkhu uliwonse amafunika kugona, tiziwerengetsera nawo limodzi nthawi yozimitsira foni, makamaka mayeso akayandikira, pamene ana ena amati akuwerenga usiku chonsecho buku lili pambali. Ndipo mwana akapezeka akuwodzera m'kalasi, tisanamupatse chibalo, timufunse kaye kuti anagona nthawi yanji ndipo foni inagona kuti.

Ndine,
Mphunzitsi komanso kholo lokhudzidwa