Matchona a ku Joni akutha ndi fumbi la m'migodi, boma liwasake ali moyo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za abambo athu amene anapita ku Joni pa Wenela ndi Theba, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito ya kumigodi, chifukwa ambiri akutsikira kuli chete mmodzimmodzi ndi matenda oti ngakhale dzina lake kumudzi kuno sitikulidziwa.

Malume anga anakhala zaka 11 pansi pa mgodi wa golide ku South Africa, ntchito yawo inali yogwira makina obowola thanthwe. Pobwera anabwera ndi njinga, wailesi, mabulangete ndi jekete lija amalivala ngakhale mu Okutobala, mudzi wonse unasonkhana kudzaona. Anali chimunthu champhamvu zedi, thumba la chimanga kulinyamula yekha osapempha munthu. Patapita zaka zambiri ndi pamene chifuwa chinayamba. Poyamba kakang'ono m'mawa basi, kenako kukwera kamtunda kochokera kudimba ankaima katatu atagwira m'mawondo wefuwefu, ife ana tikuwadikira kutsogolo. Kuchipatala anati ndi TB, anamwa mankhwala miyezi 6 yonse osadumphitsa, makhololo anayezedwa akuti mwachira, koma kubanika kunali komweko. Ndiye mukudziwa kwathu kuno, zikafika apa anthu amati pali munthu. Anayamba kuloza chala gogo wina wosalakwa kuti ndi amene anawalodza chifukwa cha nsanje ya malata. Zimandipweteka mpaka lero, gogo ameneuja anamwalira anthu asakumupatsa moni.

Chimene chinawadya malume ndi fumbi. Thanthwe limene mumakhala golide ku Joni lili ndi silika wambiri, ukamabowola kapena kuphulitsa pamatuluka fumbi losalala kwambiri loti ndi maso sulioneka, limalowa mpaka mkatikati mwa mapapo ndipo silituluka. Mapapo amachita zipsera n'kuuma, mpweya osalowanso bwino. Matenda amenewa madokotala amati silicosis. Alibe mankhwala ochiza, zipserazo zikabwera zabwera, ndipo choipa kwambiri n'choti amatha kuonekera patapita zaka 10 kapena 20 munthu atasiya kale ntchito ali kwawo akulima fodya. Komanso mapapo oterewa TB imawakonda, ndiye munthu amangobwerezabwereza kudwala TB, kuchipatala akuchiza TB yokhayo, muzu wake osauona. Palibe amene anawafunsapo malume kuti kodi bambo munagwirapo ntchito yanji pa moyo wanu? Funso laling'ono limeneli bwenzi litatiuza zonse.

Ndipo si anthu ochepa ayi. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Mu 1974 ndege inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha anzathu oposa 70 amene amabwerera kumudzi, Kamuzu anaimitsa ulendo wa ku migodi, koma mu 1977 anthu anayambiranso kupita mpaka cha m'ma 1988 pamene nkhani yoyeza magazi ya HIV inatseka njira. Anthu onsewo anabwerera kuno, ali m'midzi ya ku Dedza, Ntcheu, Mzimba, Mangochi, Nkhata Bay, ena ndi agogo tsopano, ena anapita kale atasiya akazi amasiye.

Ku South Africa komweko anzathu sanagone. Panali bambo wina Thembekile Mankayi amene anasumira kampani ya migodi, khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula mu 2011 kuti wogwira ntchito mumgodi ali ndi ufulu wosumira abwana ake pa matenda a mapapo, koma iyeyo anamwalira kutatsala masiku ochepa kuti chigamulo chituluke. Kuchokera apo panabwera mlandu waukulu wa gulu, ndipo mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa chipepeso cha marandi 5 biliyoni ndi makampani 6, omwe ndi African Rainbow Minerals, Anglo American South Africa, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater. Ndalamazo zikuperekedwa kudzera ku bungwe la Tshiamiso Trust, kwa anthu amene anagwira ntchito ya fumbi m'migodi ya golide ya makampaniwa kuyambira pa 12 Malichi 1965 kufika pa 10 Disembala 2019 n'kudwala silicosis kapena TB ya kuntchito, ndipo sizisankha kuti ndiwe wa dziko liti, Mmalawi naye ali momwemo, ngakhale amasiye a omwalira atha kupempha. Koma bungweli silikhala mpaka kalekale, linapatsidwa zaka 12 zokha, pomwe eni matendawo akukalamba tsiku ndi tsiku.

Tsono funso langa kwa a unduna wa zantchito ndi a zaumoyo ndi lakuti, mdala wa zaka 75 amene ali kuseri kwa phiri, alibe foni ya intaneti, sawerenga Chingerezi, thiransipoti yopitira pa boma alibe, adziwa bwanji zonsezi? Tisamangodikira kuti iye abwere mu ofesi ku Lilongwe kapena Blantyre, tipite ndife. Mafumu athu amadziwa khomo lililonse limene munali wa pa Theba, azaumoyo a m'midzi aja amayenda ndi njinga tsiku ndi tsiku, galimoto zojambula m'chifuwa za pulogalamu ya TB zilipo kale. Chovuta n'chiyani kulengeza pa wailesi m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao kuti aliyense amene anatsikapo mumgodi abwere tsiku lakuti pa chipatala chakuti adzajambulidwe ulere? Ndipo azachipatala aphunzitsidwe kufunsa za ntchito yakale munthu wachikulire akabwera ndi chifuwa chosatha.

Kwa abale amene muli ndi matchona pakhomo, chonde musataye mapepala. Chitupa cha kumgodi, nambala ya pa Theba, kabuku ka kuchipatala, kalata ya imfa yolembedwa bwino chimene chinamupha munthu, zonsezi ndi umboni. Anti anga, akazi a malume, anasunga zonse mu chitini cha mabisiketi atakulunga mu pulasitiki, chiswe chinadyako ngodya imodzi koma nambala ikuoneka. Komanso chenjerani ndi akamberembere oyenda m'midzi ndi mafomu kumati perekani kangachepe tikulembeni maina, kupempha chipepeso chimenechi salipiritsa. Anti anabedwapo ndalama ya mbuzi yathunthu mwa njira imeneyi, munthuyo sanabwerenso.

China chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti fumbi lomwelo tsopano lili konkuno. Tayendani m'mbali mwa misewu muone amayi akuswa miyala ndi hamala tsiku lonse mwana ali kumbuyo, nkhope mbuu, kukamwa osamanga kanthu. Anyamata akukumba golide ku Makanjira m'maenje opanda ndi mpweya womwe, ena ali m'migodi ya malasha ku Rumphi, ndipo migodi ikuluikulu ikubwera ku Kangankunde ndi ku Kasiya, ya Kayelekera nayo yatsegulidwanso. Ntchito tikuifuna, ine sindikutsutsa za migodi ayi. Koma lamulo la chitetezo ndi umoyo pa ntchito tili nalo kuyambira 1997, ndiye oyendera malo a ntchito apatsidwe mafuta ndi zipangizo zoyezera fumbi azifika kumeneko, pobowola azithira madzi kuti fumbi lisauluke, masiki akhale enieni osati kansalu kaja tinkavala nthawi ya Covid, ndipo munthu ajambulidwe mapapo polowa ntchito, ali pa ntchito, ndi potuluka, chithunzi chake apatsidwe asunge yekha.

Malume anamwalira mu 2017 atakhala tsonga pa mkeka atatsamira khoma, chifukwa kugona chagada mpweya sumabwera. Anzawo atatu amene anakwera nawo ndege imodzi akadali moyo m'mudzi mwathu, awiri akutsokomola chimodzimodzi, ndipo mpaka lero palibe amene anawajambulapo.

Ine wanu wokhudzidwa,
Mphwawo wa malemu,
Ntcheu