Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a basketball: mbiri ya Royal Ivey ndi timu ya South Sudan

A Wapampando ndi mamembala onse,

Ndikupereka lipoti la msonkhano womwe munandituma kuti ndikakuyimireni. Nkhani za malamulo atsopano ndi kusowa kwa oyimbira masewero zinadutsa mwachangu, ndipo mapepala ake ndawapereka kwa a Mlembi. Nkhani yomwe inatenga nthawi yaitali ndi ya Royal Ivey, munthu wa ku America amene anatsogolera timu ya dziko la South Sudan mpaka kukafika ku mpikisano wa Olympics.

Ivey anabadwira ku New York mu 1981. Anasewerera sukulu ya ukachenjede ya Texas, ndipo mu 2004 timu ya Atlanta Hawks inamutenga kuti akasewere mu ligi ya NBA, momwe anakhala zaka khumi, n'kusewereranso Milwaukee, Philadelphia ndi Oklahoma City. Sanali katswiri wogoletsa mapointi ambiri. Ankadziwika ndi kutchinga, ndipo masewero ambiri ankawayambira pa benchi. Atasiya kusewera anayamba pansi, monga mphunzitsi wothandizira ku Oklahoma City, kenako ku New York Knicks, Brooklyn Nets ndi Houston Rockets.

Amene anamuitana ku South Sudan ndi Luol Deng, yemwe ankasewera naye kusukulu ya Blair Academy ku New Jersey ali anyamata, ndipo Deng anakhala mtsogoleri wa bungwe la basketball la dzikolo mu 2019. Dzikoli linalandira ufulu mu 2011, ndipo pomwe Ivey ankayamba ntchito mu 2021 kunalibe bwalo lam'nyumba loti timu ya dziko n'kuchitirapo mpikisano. Osewera ambiri anakulira ku Australia ndi ku America makolo awo atathawa nkhondo, choncho ntchito yoyamba inali kuwasonkhanitsa kuti azolowerane. Chaka chomwecho anafika mu ndime ya matimu asanu ndi atatu pa AfroBasket, mpikisano wa matimu a mayiko a mu Africa, ku Kigali. Mu 2023, pa chikho cha dziko lonse ku Manila, anagonjetsa China 89-69, kenako Philippines, ndipo atakwapula Angola 101-78 anapata malo a Africa ku Olympics ya Paris.

Tinawonetsedwa kanema wa masewero okonzekera Olympics a pakati pa South Sudan ndi America omwe anachitikira ku London mu July 2024, pomwe America inapambana movutikira 101-100, LeBron James atagoletsa kutatsala masekondi ochepa. M'chipindamo munali zii, ndipo ena anapempha kuti mphindi yomalizayo ibwerezedwe. Chomwe chinandigwira mtima ine n'chakuti anyamata a South Sudan akataya mpira ankathamangira kumbuyo onse asanu, popanda wotsalira kudandaulira woyimbira, khalidwe lomwe ndikuona kuti linachokera kwa mphunzitsi yemwe ankadyera kutchinga. Ku Olympics kwenikweniko anagonjetsa Puerto Rico 90-79, koma anagonja kwa America ndi Serbia.

Pokambirana, nthumwi zinagawikana. Ena anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, kotero matimu a mu Africa asamachite manyazi kulemba aphunzitsi akunja. Ena anakumbutsa kuti chifukwa cha ntchito yake ya ku NBA, Ivey sankapezeka pa masewero ambiri odzigulira malo ku chikho cha dziko lonse, ndipo Deng ndi amene ankakhala pa benchi, kuwonjezera pa kulipira zambiri kuchokera m'thumba mwake. Ine ndinayima ndi gulu lachiwirili, osati pochepetsa luso la Ivey, koma chifukwa iye anapeza mwini nyumba amene anali atafunafuna kale osewera, ndalama ndi malo ochitira kampu. Mphunzitsi wakunja akafika pomwe palibe dongosolo lotere, sangachite zomwe Ivey anachita.

Pempho langa kwa komiti ndi lakuti tione za osewera athu akale, makamaka aja osatchuka amene ankamvera malangizo ndi kulimbikira potchinga, kuti tiwapatse timu ya ana aang'ono aziyiphunzitsa moyang'aniridwa ndi mphunzitsi wamkulu. Ndikupempha a Mlembi aike nkhaniyi pa ndandanda wa zokambirana za msonkhano wathu ukubwerawu, ndipo membala aliyense abwere ndi mayina a anthu amene akuwaganizira.